Mpeni Wopanda Dzina

Mu komboni, mpeni wopinda uli na mbili yoipa. Ukangouchula, anthu amaganiza za anyamata obisala m'tunjila usiku, olanda mafoni kwa anthu ocokela ku nchito. Ndiye cifukwa cake siniuza aliyense kuti nimasunga mipeni. Nili nayo 12, uliwonse wokulungidwa m'kansalu ka mafuta, m'citini ca mabisiketi pansi pa bedi. Siniyenda nayo mumsewu. Nchito yake ni kusenda nzimbe, kudula zingwe na kusongola mapensulo a mng'ono wanga.

Woyamba unali Okapi ya agogo aamuna a ku Katete, imene anabwela nayo pocokela ku migodi ya ku Joni. Okapi inayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen, mzinda wa osula mipeni ku Germany, ndipo msika wake waukulu unali kuno ku Africa. Mu 1988 nchito yoipanga inasamukila ku South Africa. Amene anaigwilapo adziŵa kamphete ka kumsana kwake: ukaitsegula imalila kete-kete, ndipo siipindika mpaka utakoka kampheteko. Matsotsi ndiwo anaiwonongela mbili. Agogo anali kudulila fodya na kusemela mithiko.

Koma Okapi ni ya mufakitale, yanga na yako n'zofanana. Pa intaneti m'pamene ninadziŵila kuti kuli anthu opanga mipeni yopinda umodziumodzi, aliyense na dzanja lake. Mmodzi wa iwo anali Chris Reeve, wobadwila ku Durban, amene anayamba yekha m'kashopu kakang'ono, ndipo mu 1989 anasamukila ku Boise ku America. Mpeni wake wochuka anaupatsa dzina lakuti Sebenza, liwu la Cizulu limene ife a mu Lusaka timakamba tsiku lililonse. Cogwilila cake ni ca titanium, ndipo mbali imodzi ya cogwililaco ndiyo loko yake. Mtengo wake ni madola mahandiledi angapo. Ndalama yotelo nilibe, koma ninaona kuti anthu salipila citsulo cabe. Amalipilanso dzina la amene anacisula.

Ninayamba kufunsafunsa ngati kwathu kuno kuli wina angakwanitse. Ananilozela ku Kanyama, kuseli kwa ogulitsa zitsulo zakale za motoka, kumene amdala ena amasula makasu, nkhwangwa na mipeni ya kukhichini. Nitaŵaonetsa Okapi ya agogo, anaitsegula na kuitseka kangapo, khutu lili pafupi.

"Mwana wanga," anatelo, "mpeni wa kukhichini ni tsiku limodzi. Uyu wopinda ni wiki yathunthu. Uzakwanitsa kulipila wiki yanga?"

Nitakhala pa shopu yawo masiku angapo, ninamvetsa za wikiyo. Citsulo amacidula ku sipuling'i yakale ya motoka. Akacisula, amaciika pa malasha mpaka maginito italeka kumamatila, zimene zimacitika kutentha kukafika pa madigili pafupifupi 770. Amawonjezela moto pang'ono, ndiyeno n'kuciviika mu oilo. Cikacoka mmenemo cimakhala colimba koma cosacedwa kuthyoka, monga botolo. Conco amacitenthanso pang'onopang'ono mpaka citaoneka monga udzu wouma. Kasipuling'i ka kumsana kamatenthedwa kupitilila apo, mpaka katabiliŵila, kuti kazipindika na kubwelela. Kabowo ka pini kakangophonya pang'ono, mpeni umagwedela kapena kukhula m'mbali potseka, ndipo nchito ya masiku atatu imatayika. Cogwilila amapangila mukwa kapena nyanga ya ng'ombe. Citsulo cotele cimacita dzimbili ukacisiya conyowa, cifukwa cilibe chromium wokwanila monga ca mipeni yonyezimila ya m'masitolo. Koma cimanoleka pa mwala wamba, ndipo cimadula bwino.

Kugula kwa wosula wamng'ono kuli na malamulo ake osalembedwa. Umapeleka hafu ya ndalama poyamba, cifukwa ndiyo imagula malasha na citsulo. Lisiti kulibe. Tsiku lotengela amakuuza, koma magetsi akapita grinder imaima, ndipo mvula ikayandikila mu October alimi ofuna makasu amayamba ndiwo. Mpeni wanga woyamba ninauyembekezela mawiki 7. Nthawi zina umaluza. Wosula wina wa kukomboni ina anatenga hafu yanga, foni yake inaleka kulila, ndipo pa malo pake manje pali ogulitsa matayala. Amdala a ku Kanyama nitaŵauza, anapukusa mutu. "Munthu mmodzi wotelo amatipha tonse," anatelo, "cifukwa maŵa wobwela na oda azaopa kusiya ndalama."

Anzanga amaniseka. Amati ndalama ya mpeni umodzi wa amdala ingagule isanu pa Soweto Market, yonyezimila, ya mabatani. N'zoona. Amadabwanso kuti ine, amene nimakangana na kondakitala cifukwa ca cenji ca K1, sinipempha amdala kuti anicotseleko. Koma tiyeni tiŵelengele pamodzi. M'wiki imene akupanga mpeni wanga, akanasula makasu ambili, ogulika tsiku lomwelo. Nikaŵalipila mtengo wa pa msika, ndiye kuti akunigwilila nchito yaulele. Azacita kamodzi cifukwa ca ulemu, kaciŵili azakana, ndipo sinidziŵa khomo lina limene ningagogode. Palinso mdzukulu wawo, mnyamata wa giledi 9 amene amapukusa fani ya moto akacoka kusukulu. Iye amayang'ana ndalama zimene zikuloŵa m'thumba la agogo ake. Akaona kuti nchito yovuta ndiyo ilipila zocepa, azasankha kuwochelela mageti, ndipo sitingamuimbe mlandu.

Cinthu cimodzi cokha ndico tinatsutsana. Mipeni iŵili yoyamba inalibe cizindikilo ciliconse. Ninaŵapempha kuti azidinda dzina lawo pa citsulo.

"Dzina n'la ciani?" anafunsa. "Mpeni ukadula, wakamba kale."

"Amdala, inu na ine tidziŵa," ninayankha. "Koma tsiku lina mpeni uyu uzakhala m'manja mwa mwana wanga. Munthu akamufunsa kuti anapanga ndani, azati ciani? Azati ni wa ku China."

Anaseka, osayankha. Ninaŵauza za Reeve, kuti anthu a m'maiko akutali amaitanitsa mipeni yake cifukwa adziŵa woifunsa. Anati iwo si azungu. Ninati Sebenza ni liwu lathu, ndipo kusebenza kwawo nakuona na maso anga.

Mpeni wacitatu unabwela na timadontho tutatu pafupi na pini, todinda na msomali. Sanakambepo kanthu, inenso sininafunse. Kucokela apo, anzanga aŵili amene anali kuniseka apeleka maoda awo, ndipo onse anakamba kuti afuna wa madontho.

Wacinayi ninautenga mwezi watha. Amdala anati maso ayamba kuŵavuta pa nchito ya tupa, conco kabowo ka pini na kasipuling'i anapanga ni mdzukulu. Ninautsegula na kuutseka kangapo. Sugwedela. Pansi pa timadontho tutatu paja pali kamzele kakang'ono, kopendama pang'ono, kamene mnyamatayo anadinda yekha.