AGALU AMENE ANDIDYETSA

Mwana akatsiriza sukulu aganizira nchito zosiyanasiyana. Wina afuna uphunzitsi, wina unamwino, wina ukalaliki wa pa boma, ndipo wina angofuna munda ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo. Koma nchito imene ndigwira ine ndi owerengeka amene aiyesa nchito. Ine ndijambula zithunzi zoseketsa, zimene masiku ano azicha makatuni, ndipo m'zithunzi zanga zonse muli agalu. Palibe bwana amene anandilemba, ndiponso palibe malipiro ondidikira pa kutha kwa mwezi. Ndijambula, ndigulitsa kwa amene afuna, ndi kudya cimene capezeka. Mwambo wa kwathu ndi wakuti munthu ndiye adyetsa galu, koma kwa ine zinthu zinatembenuka: agalu ndiwo andidyetsa.

Anthu ambiri andifunsa kuti, "Mwa nyama zonse, munasankhiranji galu?" Ndidziwa cimene afunsira tero. Galu alibe ulemu pakati pathu. Munthu akafuna kunyoza mnzace amucha galu. Cakudya cace ndi makoko a nsima ndi mafupa, pogona pace ndi pa phulusa, ndipo akayandikira mphika alandira cikuni. Komatu kunyozeka kumeneku ndiko kumpatsa mwai umene anthu alibe. Galu alowa pali ponse wosaodira. Pa maliro alipo, pa mowa alipo, pa bwalo la milandu agona pansi pa mpando wa nduna, ndipo usiku, mudzi uli m'tulo, ndiye aona amene aturuka m'nyumba ya eni. Palibe munthu abisa kanthu poopa galu. Cifukwa cace ndinaganiza kuti galu atapatsidwa pakamwa ponena, angathe kusimba mbiri ya mudzi koposa mfumu yomwe.

Nzeru imeneyi si yanga ai. Ndinaiphunzira kwa ambuya anga, m'mudzi wina wa m'dziko la Mfumu Kawaza kumene ndinakulira. Amai akale sanali kupatsa galu dzina wamba. Dzina la galu linali mau otumizidwa kwa munthu. Wina anali kucha galu wace Mulekeni, wina Ndamva, wina Zirikwanu. Ambuya anga anali ndi galu dzina lace Adzatopa, amene anamucha dzinali pa nthawi imene akazi ena a pa mudzi anali kuwajeda. Madzulo ali onse anali kuima pa khonde ndi mbale ya gaga ndi kuitana mokweza, "Adzatopa! Adzatopa!" Ojedawo anali kumva bwino lomwe, koma akanapita nao mlandu kwa yani? Kodi munthu angaimbidwe mlandu cifukwa coitana galu wace?

Nyimbo za pa mtondo zinali kugwira nchito yomweyo, ndipo Gule Wamkulu aigwirabe. Amene anafikapo ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, pa mwambo wa Kulamba umene ucitika kumapeto kwa mwezi wa August, adziwa kuti zirombo zina zikalowa m'bwalo anthu agwa nazo phwete, koma m'kuseka momwemo mlesi, woledzera ndi wonyada adziona okha. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalemba gule ameneyu pakati pa cuma ca anthu a pa dziko lonse. Motero ngakhale pepala ndi inki zinacokera kutali, mwambo wodzudzula munthu momseketsa tinali nao kale ife Acewa.

Galu wa m'zithunzi zanga ndinampatsa dzina la galu wa ambuya. Adzatopa wanga ndi woonda, nthiti ziri pa mtunda, khutu limodzi ndi long'ambika, ndipo maso ace ali ngati a nkhalamba imene yaona zambiri. M'cithunzi cina wakwera pa sikelo ya munthu wogula nshawa ndi soya m'mbali mwa mseu, ndipo poona kulemera kwace kumene sikeloyo yaonetsa anena, "Zaka zonsezi sindinadziwe kuti ndine mwanapiye." M'cina, galu wonenepa wa ku tauni wafika pa galimoto, aponyera agalu a m'mudzi mafupa monga acitira zaka zisanu ziri zonse, ndipo Adzatopa anyamula fupa lace mwaulemu nafunsa, "Zikomo bwana, koma nyama imene inali apa inapita kuti?" Cithunzi cimene anthu a ku Vubwi acikonda koposa ndi cija ca Adzatopa atagona pa malire, mutu uli m'Zambia, mcira uli m'Malawi, msilikali atasowa kuti afunse mbali iti cikalata ca ulendo. Anthu a kumeneko, amene abale ao ali ku Malawi ndi ku Mozambique, safuna wowamasulira.

Tsono ndinene za kagwiridwe kace, pakuti ena ayesa kuti ndi masewera. Nchito yaikuru ya wojambula icitika ndi maso, dzanja lingotsiriza. Ndikhala nthawi yaitali pa msika wa Katete kapena pa siteshoni ya mabasi pa Sinda kupenyerera agalu: m'mene galu wakuba ayendera cam'mbali, m'mene wa mantha apindira mcira, m'mene wa mwini cuma auwira ali kuseri kwa mpanda. Ndinapeza kuti mtima wonse wa galu uli pa makutu ndi pa mcira. Ukakhoza ziwirizi, mizere isanu ikwanira. Ukaziphonya, ngakhale ujambule ubweya wonse, cithunzi cikhala cakufa. Ndiyamba ndi pensulo, ndipondereza ndi inki yakuda, ndipo inki ikauma ndifufuta pensulo ija. Mau ndiwacepetsa ndithu, cifukwa ambiri mwa oona zithunzi zanga awerenga movutikira, ndipo nthabwala yofuna kufotokozedwa yafa kale. Pomariza ndicijambula ndi foni pa kuwala kwa m'mawa ndi kucitumiza kwa wogula. Pa cithunzi cimodzi cotuluka bwino pali mapepala khumi amene apita kukakoleza moto.

Nanga ndalama zicokera kuti? Apa ndipo pali minga. Ku America kunali munthu dzina lace Charles Schulz, amene anajambula galu wochedwa Snoopy kuyambira 1950 kufikira 2000, ndipo nyuzipepala zambirimbiri za m'maiko osiyanasiyana zinali kumlipira. Kuno kwathu msika ndi wocepa. Nyuzipepala zazikuru zilembedwa m'Cingerezi ndipo zisindikizidwa ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kucokera ku Katete. Nyuzipepala ya The Post, m'mene munali kuturuka zithunzi za Trevor Ford, wodziwika ndi dzina lakuti Yuss, inatsekedwa mu 2016, ndipo khomo limodzi la ojambula linatsekeka nayo. Cotero ine ogula anga ndi a pafupi: eni masitolo ofuna cikwangwani cokopa anthu, aphunzitsi ofuna zithunzi za pa khoma, ndi mabungwe ofuna kufikitsa uthenga ku midzi. Pamene Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, maofesi ndi masitolo anacuruka, ndipo nanenso nchito inayamba kundipeza. Komabe ndalama zace ziyenda ndi nyengo. Anthu akagulitsa thonje ndi cimanga, nchito icuruka. M'miyezi ya January ndi February, nkhokwe zitapepuka, palibe agula nthabwala. Cifukwa cace khasu sindinalitaye, ndipo dimba langa ndilo lindisunga pa miyezi imeneyo.

Vuto lina ndi lakuti cithunzi cikalowa pa WhatsApp kapena pa Facebook ciyenda ngati moto wa lupsa. Cifika ku Chipata, ku Lilongwe, ngakhale kwa abale athu a ku Johannesburg, koma mwini wace osaonapo ngwee, ndipo kawirikawiri dzina lace alidula. Lamulo loteteza nchito zotere liripo m'Zambia kuyambira 1994, koma munthu wa pa mudzi angatsate bwanji mafoni zikwizikwi? Ine dzina langa ndirilemba m'kati mwa mcira wa Adzatopa, kuti wofuna kulicotsa adule mcira womwe. Ndiponso sindigwira pensulo tisanapangane mtengo ndi kulandira theka lace, pakuti alipo mwini sitolo wina amene cikwangwani canga cakhala pa khomo pace zaka zitatu, ndipo tikakumana angoti, "Mawa, acimwene."

Nchitoyi iri ndi zoopsa zacenso. Tsiku lina nduna ya pa mudzi wina inandiitanitsa, itamva kuti galu wonenepa amene ndinamjambula alandira nkhuku kwa oimba mlandu ndi kwa oimbidwa mlandu omwe ndi iyoyo. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndipo ndinati, "Pepani akuruakuru, ine ndinajambula galu, ndipo galu ali ndi miyendo inai. Ngati alipo wina amene wakuonani inu m'cithunzimo, ameneyo ndiye wakutukwanani." Anthu a pa bwalo anayang'ana pansi kubisa mano, ndipo nkhani inathera pomwepo. Komabe mfulu wotere ayenera kukhala ndi malire ace. Ine ndinadziikira lamulo lakuti Adzatopa sadzaseka wolumala, wamasiye, wodwala kapena wosauka cifukwa ca usiwa wace. Akuru anati galu wamkota sakandira pacabe. Galu wouwa mwana ali yense wopita kumadzi anthu amgenda. Wouwa fisi yekha ndiye amvera.

Pali nchito imodzi imene ndiiwerengera koposa zonse. Kuno agalu ndi ambiri, osaka ndi olonda, ndipo ocuruka ayenda momasuka osabayidwa katemera wa ciwewe. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse linena kuti nthenda imeneyi ipha anthu pafupifupi 59,000 caka ciri conse, makamaka mu Africa ndi mu Asia, ndipo pafupifupi onsewo aitenga kwa agalu. Zizindikiro zace zikayamba kuoneka, munthu sacira. Komatu njira yoipewera iripo kuyambira 1885, pamene Louis Pasteur anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu ku France. Wolumidwa atsuke bala ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, ndipo athamangire ku cipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati bala lipola. Ndiponso agalu 7 mwa 10 ali onse a m'dera akabayidwa katemera, nthendayo isowa poyenda.

Mau amenewa akalembedwa okha pa pepala, anthu apitirira osawawerenga. Koma pokonzekera tsiku la 28 September, limene maiko akumbukira nkhondo yolimbana ndi ciwewe, ndinajambula Adzatopa atamanga mbuye wace cingwe m'khosi, namkokera kwa a zaziweto, nanena, "Tiyeni, jekeseni ndi wanga, mantha ndi anu." Ana anaima pa cithunzico kuseka, ndipo ana ndiwo atsogolera agalu ku katemera, ndiwonso alumidwa kawirikawiri. Pa tsiku lobaya ndinaona anyamata ali pa mzere ndi agalu ao omangidwa ndi luzi, akubwerezabwereza mau a Adzatopa. Pa zithunzi zanga zonse, cimeneci ndico cinandilipira pang'ono, koma sindingacisinthe ndi cina.

Inu anzanga amene mwatsiriza sukulu, ndipo m'makope anu akale muli zithunzi zimene aphunzitsi anakukalipirani nazo, sindikunyengani kuti nchito imeneyi idzakulemeretsani. Idzafuna kuti mukhale ndi munda, mudziwe kuwerengera ndalama, ndi kupirira pamene abale afunsa kuti mudzayamba liti nchito yeniyeni. Koma ngati muli ndi diso loona cimene anthu onse aciona osacinena, musalikwirire. Midzi yathu iri ndi zambiri zofunika kunenedwa, ndipo si zonse zinganenedwe pa bwalo, maso ndi maso. Zina zifuna galu.