Doko la Beira ndi Dzanja la Boma

Beira ndi mzinda wa m'dziko la Mozambique, ndipo unamangidwa pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja yaikulu ya mchere. Dziko la Malawi lilibe gombe pa nyanja yotere. Motero fodya, tiyi ndi shuga zambiri zimapita ku Beira kukakwera zombo, ndipo feteleza ndi mafuta a galimoto zimatsikira komweko. Mlimi wa ku Thyolo kapena ku Kasungu, ngakhale sanaonepo chombo chibadwire, amadalira doko limeneli.

Koma doko silidzisamala lokha. Usana ndi usiku mtsinje wa Pungwe umakokolola matope ndi mchenga, ndi kuzisiya m'njira imene zombo zimadzera. Njirayo ikakwiririka, chombo chachikulu chimalindira kutali kufikira madzi atakwera, kapena chimabwera ndi katundu wochepa. Mwini chombo amalipiritsa masiku a kulindirawo, ndipo ndalamazo zimakakweza mtengo wa thumba la feteleza m'sitolo ya kumudzi. Kufukula matope kumafuna makina a mtengo wapatali, ndipo phindu lake ndi la onse. Palibe wamalonda amene angalole kulipirira anzake, chifukwa chake ntchito imeneyi imatsalira Boma.

Poyamba doko la Beira ndi njanji zake zinali m'manja mwa makampani a Azungu. Njanji yochokera kufupi ndi Beira inafika pa mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1922, koma katundu wa ku Nyasaland ankaoloka pa maboti kufikira 1935, pamene anatsiriza mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa 3. M'chaka cha 1949 Boma la Apwitikizi linatenga dokolo kuti liziliyendetsa lokha.

Mozambique analandira ufulu m'chaka cha 1975, koma nkhondo yapachiweniweni inabuka mu 1977 ndipo inatha mu 1992. M'zaka zimenezo njanji zinaonongeka, mlatho wa Dona Ana unaphwasulidwa, ndipo katundu wambiri wa Malawi ankazungulira ku Durban, ulendo wautali ndi wodula. Pamenepo anthu anaona kuti thandizo loyamba limene Boma limapereka kwa amalonda ndilo mtendere. M'chaka cha 1998 Boma linapangana ndi kampani ya Cornelder kuti iziyendetsa malo okwezera ndi otsitsira katundu pamodzi ndi CFM, bungwe la Boma la madoko ndi njanji. Komabe dokolo ndi la dziko ndithu.

Boma limathandiza ndi dzanja limodzi, ndipo ndi linalo limaletsa. Kapitawo wa chombo chachikulu, ngakhale atayenda nyanja zonse, saloledwa kulowa pa Beira yekha. Ayenera kukweza mtsogoleri wa pa dokopo, wodziwa pamene pali pakuya ndi pamene mchenga waunjikana. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo chombo chimodzi chikatitimira m'njira yopapatizayo chimatsekera zinzake zonse.

Lamulo lina liri pa kulemera kwa katundu. Kale eni zombo ena a ku Britain ankadzaza zombo zawo mopitirira muyeso chifukwa cha umbombo, ndipo amalinyero ambiri ankamira. Samuel Plimsoll, phungu wa nyumba ya malamulo, anawamenyera nkhondo, ndipo mu 1876 panakhazikitsidwa lamulo lakuti chombo chikhale ndi mzere pa nthiti yake. Mzerewo ukabisika m'madzi, ndiye kuti katundu wachuluka, ndipo chombo sichiloledwa kunyamuka. Lero maiko ambiri amasunga lamulo limeneli mwa pangano la chaka cha 1966.

Amalonda amadandaula kuti malamulo ndi misonkho zimawachedwetsa, ndipo nthawi zina amanena zoona. Kalaliki wa msonkho akasunga makalata sabata lathunthu, kapena akayembekeza chiphuphu, amaononga monga momwe matope amaonongera, ndipo zombo zimayamba kupita ku Nacala kapena ku Durban. Tsono Boma lanzeru limafukula njira pa nthawi yake, limaika malamulo omveka, ndipo limayang'anira antchito ake kuti asakondere munthu. Likatero, mmalinyero amabwerera kwawo wamoyo, ndipo mlimi amagula feteleza mvula isanagwe.