Eriyo ya masentimita 47



Ku America kuli anthu omwe mtima wawo uli pa sitima za pamtunda. Amakakhala pafupi ndi njanji atanyamula kawailesi kongomvera kotchedwa sikana, n'kumamvetsera oyendetsa sitima akulankhulana ndi oyang'anira njanji. Amamvanso makina oikidwa m'mbali mwa njanji, omwe sitima ikadutsa amalengeza ngati pali gudumu lomwe latentha. Ine ntchito yanga ndi kuphunzitsa za Chisilamu, koma momwe anthuwa amasankhira eriyo zimandipatsa maganizo.

Sikana imabwera ndi kaeriyo kakafupi kalabala, kopangidwa kuti kagwire za apolisi, za ndege, za ozimitsa moto ndi zina. Kamagwira zonsezi, koma mofooka. Wokonda sitima weniweni amakachotsa. Makampani a njanji kumeneko amalankhulana pa mafunde a pakati pa 160 ndi 162 MHz. Ophunzira a sayansi, tengani cholembera: mafunde a wailesi amayenda mamita 300 miliyoni pa sekondi. Mukagawa ndi 160 miliyoni, funde limodzi likutalika pafupifupi mamita 1.87. Kotala ya muyeso umenewu ndi masentimita 47. Eriyo yodulidwa kutalika kotere imakoka mawu a sitima yomwe ili kutali, pomwe kalabala kaja kakungoti phwee.

Malo nawonso ndi ofunika. Mafunde amenewa amayenda pafupifupi mowongoka, kotero phiri kapena nyumba zimawatchinga. Ambiri amamata eriyo padenga la galimoto ndi maginito, chifukwa chitsulo cha dengalo chimaithandiza. Waya wochokera ku eriyo akakhala wowonda ndi wautali, mphamvu ina imathera m'njira.

Ndikamaphunzitsa tajwid ndimaona kusiyana komweku. Mwana yemwe wagona mochedwa ali pa foni amamva mawu a mphunzitsi, koma sasiyanitsa zilembo ziwiri zomveka mofanana. Khutu lake lazolowera kugwira chilichonse pang'onopang'ono. Mnzake yemwe watchera khutu pa chinthu chimodzi amagwira kusiyanako tsiku lomwelo.

Kumvetsera kulinso ndi malire ake. Ku America kumvera wailesi za njanji nthawi zambiri n'kololedwa, koma ku Britain lamulo la 2006 limaletsa kumvera mauthenga omwe sanakonzedwere iwe popanda chilolezo. Nafenso Qur'an yolemekezeka, mu Sura Al-Hujurat, imatiletsa kufufuza zinsinsi za anzathu. Foni ya mnzako ndi zokambirana za ena sizikukhudza, ngakhale utatha kuzimva.

Pempho langa kwa makolo ndi lakuti pakati pa Maghrib ndi Isha mafoni azikhala m'manja mwanu, ana aziwerenga. Tiyese teremu ino, insha Allah, ndipo tidzauzane zotsatira pa msonkhano wa makolo.