Mkulu wa ku Katete Awerenga Ulalo wa Kafue

Pa Lacisanu lina m'mwezi wa July caka ca 2025, cimanga citalowa kale m'nkhokwe, mwamuna wina amene agwira nchito ya umakanika m'tauni ya Kafue anapita ku Lusaka kukacingamira atate ake ndi amai ake. Makolowo anacokera ku mudzi wina m'boma la Katete, ulendo wa makilomita pafupifupi 500 pa mseu wa Great East, ndipo anatsika basi dzuwa litapendeka, atanyamula thumba la nshawa, ufa woyera ndi tambala womanga miyendo.

Kwa zaka 12 mwanayo anali kuwaitana, koma atate ake sanasowe cowiringula: lero ng'ombe, mawa dimba, mkuja maliro. Caka cimeneci ndiwo anayamba okha kutuma mau pa lamya kuti, "Ndifuna kudzaona kumene ukhala." Mwana anangokondwa, osafunsa cimene cinasintha mtima wa nkhalambayo. Anabwereka galimoto kwa mnzace wa kunchito, nalinganiza zoti Loweruka lonse likhale loonetsa alendo malo.

M'mawa anayambira ku fakitale ya fataleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inatsegulidwa m'caka ca 1970. Atafika pafupi ndi mpanda, mkuluyo anapempha kuti galimoto iime. Anatsika, nabvula cisote monga acitira munthu pofika pa bwalo la mfumu. Anasimba za masiku a unyamata wao, pamene anali kupita ndi ngolo ku depoti ya Namboard kukatenga matumba olembedwa dzina la Kafue, ndi za alangizi a malimidwe amene anawaphunzitsa kupima lima imodzi ndi cingwe. Zaka zonsezo dzinali anali kungoliwerenga pa thumba.

"Nanga nyumba yace yaikulu ndi iti?" anafunsa motero. Mwana analoza. Atate anagwedeza mutu, koma nkhope yao inapenya cakumbali pang'ono. Mwanayo anayesa kuti ndi dzuwa.

Amai cidwi cao cinali pa zina. Pomva kuti kufupi komweko ndiko kunali Kafue Textiles, imene inaleka kuomba nsalu m'zaka za m'ma 2000, anakumbuka citenje cimene anaberekera mwana yemweyu, nanena kuti cinatha zaka zambiri cosasuluka. Ku msika anafunsa mtengo wa cinthu ciriconse, kuyambira makala kufikira mulu wa ciwawa, ndipo yankho lirilonse analilandira ndi kugwira pakamwa. Ndiwo zimene kwao mbuzi zimadya kuseri kwa nkhokwe, kuno zinali ndi mtengo wace.

Kucokera kumeneko anatsikira ku mtsinje, pa ulalo wa mseu wopita ku Livingstone ndi ku Chirundu. Munthu amene anakulira kumene timitsinje timaphwa mu October, akazi n'kumafukula mcenga kufuna madzi, sangaime pa gombe la Kafue osakhala cete. Mtsinjewu uyambira kufupi ndi malire a dziko la Congo, nudutsa ku Migodi, nuyenda makilomita oposa 1,500 usanathire mu Zambezi pafupi ndi Chirundu, ndipo ulendo wace wonse uli m'kati mwa Zambia. Amai anagwada, natunga madzi ndi manja, nasamba kumaso. Mwana anawauza kuti ena mwa madzi amene anthu a mu Lusaka amamwa amapopedwa kucokera pompano m'mipope yaikulu.

Anawaonetsanso nsanja zacitsulo zonyamula nthambo za magetsi, nalongosola kuti kumunsi, kumene mtsinje upanikizika pakati pa mapiri, kuli malo awiri opangira magetsi: akale a Kafue Gorge, amene anayamba nchito kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndi atsopano a mamegawati 750 amene anatsirizidwa m'caka ca 2023. Anasimba za cilala ca 2024, pamene madzi anacepa m'madamu ndipo m'matauni anthu anali kukhala maola ambiri opanda magetsi. Atate anaseka pang'ono nati, "Ife mdima tinauzolowera." Onse anaseka nao, kupatula amai.

Dzuwa litapendeka anafika pa ulalo wa njanji, umene mwanayo anausunga kuti ukhale wotsiriza cifukwa ndiwo unali kumunyaditsa koposa. Unamangidwa m'caka ca 1906, pamene njanji yocokera ku Livingstone inali kulunjika ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe. Kutalika kwace ndi mamita 427, ndipo uli ndi zigawo 13 zacitsulo zokhala pa mizati.

"Atate, tawerengani zigawo zace, tione ngati mudzakwanitsa," anatero mwana mwanthabwala.

Mkuluyo anaika dzanja pamphumi nayamba kuwerenga mokweza mau. Anafika pa zinai. Pa cacisanu anazengereza. Pamenepo anatsitsa dzanja nati, "Kwinako ndi nkhungu."

Kunalibe nkhungu tsiku limenelo. Kumwamba kunali mbee, ndipo mdzukulu wa zaka zisanu ndi ciwiri anali kuona ngakhale asodzi a m'bwato tsidya lija. Apo m'pamene mwanayo anakumbuka zonse zimene anaziona osazizindikira: kuti kuyambira pa siteshoni ya basi amai ndiwo anali kutsogola, cinthu cimene sanacitepo ndi kale lonse, kuti pa cakudya anali kusendeza mbale ya ndiwo kufikira itakhudza dzanja la amuna ao, kuti ndalama ya basi anawerenga ndi amai. Anayang'anitsitsa m'maso mwa atate ace, naona kuti pakati pa diso pamene payenera kuda bii panali potuwa.

Pobwerera kunyumba munalibe wolankhula m'galimoto.

Lamulungu anapita ku chalichi, kumene mkuluyo anapatsa mdzukulu buku la nyimbo, iwo naimba zonse pamtima. Atadya nsima ya masana ndi tambala uja, anakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo amai ndiwo anaulula. Maso anayamba kucita cidima zaka ziwiri zapitazo. Caka catha amuna ao analimira pamodzi cimanga ndi udzu osasiyanitsa, ndipo njinga anaileka atagwera m'ngalande. Anakaniza aliyense kuuza ana, poti ana ali ndi mabvuto ao.

"Ndinati ndikaone kumene mwana wanga akhala ndisanalowe m'nyumba," anatero atate. "Tsopano ndaona. Ukalamba ulibe mankhwala."

Mwana anayankha mofulumira, monga acitira ana a m'tauni, kuti basi asabwererenso kumudzi, akhale konkuno. Atate anakana osakweza mau. Ng'ombe adzasiyira yani? Nanga kumudzi, kumene phazi lao lidziwa citsa ciriconse, ndi kuno kumene angasocere popita kucimbudzi, kwabwino n'kuti kwa munthu wosaona? Pamenepa mkuluyo sanalakwe, ndipo mwana anasowa poyankha.

Amene anathandiza ndi mpongozi wao, amene kufikira nthawi imeneyo anali cete pa mphasa. Anagwada nati, "Atate, mundikhululukire kulankhula pakati pa akulu. Ambuya anga anali ndi ng'ala monga iyi, ndipo lero atunga okha singano." Analongosola kuti ng'ala ndi kuyera kwa kagalasi ka m'kati mwa diso, kumene kumadza kawirikawiri ndi ukalamba, kuti madokotala amacotsa kagalasi koyerako naikamo kena, kuti munthu samugoneka tulo koma amangoziziritsa diso lokha, ndi kuti nchitoyo siitenga ngakhale ola limodzi, nsalu ya pa diso n'kucotsedwa m'mawa mwace. Anaonjeza kuti si cidima ciriconse cimene ciri ng'ala, cotero coyamba ndi kukapimitsa, ndipo kucedwa sikuthandiza. Cipatala ca Mwami, kufupi ndi Chipata, cidziwika ndi nchito ya maso, ndipo kucokera ku Katete si kutali.

Mkuluyo anakhala nthawi osayankha. Cimene anali kuopa, anatero potsiriza, ndi mpeni pa diso. Kuli bwino kuona pang'ono kusiyana ndi kutaya ndi pang'ono pomwepo. Amai anayankha kuti pang'onopo pakutha kale pokha.

Mlendo ndi mame. Lolemba mbandakuca anali kale pa siteshoni ya Intercity mu Lusaka, thumba la nshawa litasanduka la sopo, shuga ndi nsomba zouma za mu Kafue. Mwana anagwira atate ace pa mkono kuwakweza pa masitepe a basi, ndipo nthawi iyi sanakane kugwiridwa. Atakhala pa mpando anaturutsa mutu pa zenera.

"Ku Mwami kuja sindipita ndi amako okha. Ukapemphe masiku kunchito, ubwere mu August tisanayambe kusosa."

Mwana anabvomera.

"Ndipo unati zigawo zija n'zingati?"

"Khumi ndi zitatu, atate."

"Ndamva. Ndidzawerenga ndekha."