Mwera Unatigoneka pa Nkhata Bay

Ife a ku Petauke ndi Nyimba ticidziwa kucedwa pa ulendo cifukwa ca madzi. Msanzala ukadzaza m'dzinja, munthu akhala patsidya ndi njinga yace kufikira mtsinje utaphwa, ndipo palibe womdzudzula. Koma kuti mphepo yokha, kumwamba kuli mbee popanda ndi kamtambo komwe, iimitse sitima yacitsulo yotalika mamita 52, zimenezo ndinakaziona ku nyanja ya Malawi mwezi wa July caka ca 2018.

Ndinali kuperekeza atsibweni anga a ku Nyimba. Mlongo wao, ndiye amai anga aang'ono, anakwatiwa ku cisumbu ca Likoma kalekale, ndipo uthenga unafika wakuti matenda akula, afuna kuona nkhope ya kwao. Tinadzera ku Chipata, Mwami, Mchinji, Lilongwe ndi Mzuzu, ndi kutsikira ku Nkhata Bay kumene Ilala imanyamula anthu a ku Chizumulu ndi Likoma. Sitimayo tinaipeza, katundu wace wapakiridwa kale, koma anatiuza kuti sinyamuka kufikira mwera utaleka. Mwera ndiyo mphepo ya kum'mwera ca kum'mawa imene iomba m'miyezi yozizira. Kwathu ingouluza mankhusu popeta cimanga. Pa nyanja iutsa mafunde oposa msinkhu wa munthu.

Atsibweni anakwiya. "Mphwanga," anatero, "kodi mlongo wanga adzayembekeza mphepo?" Ndinalibe cowayankha. Anatiyankhira ndi mkulu wina wosoka ukonde pamcenga, amene anatifotokozera za Viphya, sitima yatsopano imene inamira pa 30 July 1946 kumpoto kwa nyanja yomweyi itakomana ndi namondwe, nimwalira anthu 145. Kuno, anati, woyendetsa sitima akati tiime, ngakhale wopita kumaliro satsutsa. Atsibweni anakhala cete, koma mtima wao sunakhale pansi, ndipo pofuna kuti asamangoyang'ana madzi ndinawatenga kuti tiyende m'tauni.

Nkhata Bay ndi boma laling'ono lopanikizika pakati pa mapiri ndi nyanja, kotero kuti nyumba zikwera phiri ngati mbuzi. Eni dziko ndi Atonga, koma musawayese amodzi ndi Atonga athu a ku Monze ndi Choma. Cilankhulo cao cili pafupi ndi Citumbuka, ndipo polonjera amati "Timuoneni." Pamsika panali usipa woyanika pa matandala, ndi nsomba yonona imene aicha batala. Nsima yao ndi kondowole, ya ufa wa cinangwa, yonanda kotero kuti mbamu siduka msanga. Atsibweni, munthu wa ufa woyera ndi ndiwo zotendera nshawa, anailawa ndi nkhope ya munthu womwa mankhwala. Pa nthoci pokha ndi pamene anaweruza mosakayika kuti za ku Nyimba ziposa, ndipo mai wogulitsayo sanakane. Anati matenda opinimbiritsa nthoci anaononga minda yambiri ya kumeneko.

Madzulo tinafika pa cipilala ca cikumbutso. Pa 3 March 1959 boma la atsamunda linalengeza lamulo la pangozi mu Nyasaland, ndipo anthu a Nyasaland African Congress amene anagwidwa anawatsekera m'sitima yochedwa Mpasa pa doko lomweli. Abale ao anasonkhana kufuna kuti awamasule. Asilikari anaombera, ndipo anthu osacepera 20 anafera pomwepo. Nkhaniyi siyacilendo kwa ife, pakuti goli la Federation tinasenza limodzi. M'mwezi womwewo Zambia African National Congress inaletsedwa kwathu, ndipo Kenneth Kaunda anamtumiza ku Kabompo. Atsibweni, amene nthawi imeneyo anali kamnyamata koweta mbuzi, anavula cipewa. Ine ndinaganiza za anthu aja, kuti iwonso anaima pamene tinaima ife, maso ali pa sitima, m'bale wao ali pafupi koma osatha kumfika.

Cimene cinawakondweretsa pa tsiku lonselo ndi dzina la sitimayo. Inapangidwa ku Glasgow m'dziko la Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo atailumikiza inayamba nchito mu 1951. Koma dzina lace ndi la kwathu. Ilala ndilo dziko la Alala kumene David Livingstone anamwalira, m'mudzi wa Chitambo, mu 1873. Wa ku Nyimba akaoloka Luangwa ndi kukwera mapiri a Muchinga wafika kwa Alala, ndipo Aambo a kwa Mfumu Luembe ndi abale ao. "Tsono ndi sitima ya anansi athu," anatero atsibweni, naseka koyamba cicokere kumudzi.

Tinagona m'kanyumba ka alendo pafupi ndi msika, ngati kumeneko nkugona. Usiku wonse malata anali kulira. Pakati pa usiku lamya inalira, mtima wanga unagunda, koma anali mwana wa odwalawo kutiuza kuti amwa phala pang'ono, ndipo afunsa ngati mlongo wao wabweretsa nshawa za ku Petauke. Zinalimo m'thumba, zosenda kale.

Mwera unaleka tsiku laciwiri dzuwa litapendeka. Lipenga la Ilala litalira, tauni yonse inathamangira kugombe: amai ndi madengu, anyamata ndi matumba a ufa, nkhuku zomangidwa miyendo. Atsibweni, amene sanakwerepo cinthu coposa bwato la pa Luangwa, anagwira citsulo ndi manja onse awiri mpaka Chizumulu. Pa Likoma panalibe poti sitima igunde kumtunda, conco anatitsitsira m'maboti aang'ono, ndi kumaliza ndi miyendo m'madzi ofika m'maondo.

Amai aang'ono tinawapeza ali moyo, atagona pamphasa pakhonde. Maso ao anali atacita khungu, koma atamva mau anazindikira, nayamba kulankhula Cinsenga cimene ana ao omwe sanali kucimva bwino. Anafunsa za mtengo wa mango wa pabwalo la agogo, anafunsa za anthu amene ena anamwalira kale. Anakhala nafe masiku 9. Tinawaika m'manda a pacisumbu pomwepo, ndipo tinabwerera pa Ilala yomweyo nyanja ili bata.