Musanakhome malata, amalume

Amalume,

Kuno ku Berlin kwayamba kuzizira, pomwe kumudziko ndikudziwa kuti dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Mwandiuza kuti a komiti mwagwirizana zomanga kalasi ina. Ya simenti nditumiza kumapeto a mwezi, koma poyamba mumve za munthu wina amene ofesi yake ili mumzinda uno.

Dzina lake ndi Francis Kéré, katswiri wojambula mapulani a nyumba. Anabadwa mu 1965 m'mudzi wa Gando ku Burkina Faso, ndipo ndi mwana wa amfumu. Kwawoko kunalibe sukulu, choncho ali ndi zaka 7 anachoka pakhomo kukaphunzira m'kalasi yothithikana, yamdima, yotentha ngati uvuni. Kalasi yotero ine ndinakhalamo: malata kulira masana, thukuta kudonthera pa kope, masamu osalowa m'mutu.

Mu 1985 anabwera ku Germany kudzaphunzira ukalipentala, kenako analowa yunivesite ya TU Berlin. Asanamalize n'komwe anasonkhetsa ndalama, n'kubwerera kukamanga sukulu kwawo. Inatha mu 2001.

Atanena kuti amanga ndi dothi, abale ake anakhumudwa, poganiza kuti mvula idzagwetsa zonse. Iye anasakaniza dothilo ndi simenti pang'ono, n'kulitsindira pamakina, njerwa zake zosawotcha. Apa mpomwe ndikufuna muonetsetse: malata sanawagoneke pakhoma. Anawakweza pa zitsulo, pansi pake n'kuyala siling'i ya njerwa, pakati pokhala mpata. Mphepo imalowa pamawindo, kutentha kumathawira m'mwamba. Dengalo analitambasula ngati chipewa kuti mvula isamenye khoma. Pomanga, ana anatuta miyala, amayi anatunga madzi n'kusalaza pansi, monga agogo ankazirira nyumba yathu.

Sukuluyi inamupezetsa mphoto ya Aga Khan mu 2004, ndipo mu 2022 anakhala munthu woyamba wa ku Africa kulandira Pritzker, mphoto yaikulu pa ntchitoyi. Waphunzitsapo ku Harvard, ndipo mu 2017 anakhala pulofesa ku TU Munich. Koma chimene chimandikhudza n'chakuti anyamata amene anawaphunzitsa ku Gando akudya ndi luso lomweli osawoloka nyanja ngati ine.

Zithunzi ndatumiza pa WhatsApp. Mukakhale pansi ndi amisiri, muwaonetse mpata uja asanagule matabwa a denga.

Moni kwa onse.

Ine mwana wa mlongo wanu