Mwananga, Mchere wa ku Labotale Umenewo Uusamale

Ngabu, Chikwawa

Wokondedwa mwananga,

Ndikhulupirira kuti unafika bwino ku Blantyre, ndipo minibasi sinavute pokwera chitunda chija mutapitirira pa Thabwa. Kuno tili bwino. Amayi ako bondo likuwavutabe, mbuzi yakuda ija yaswa awiri, mng'ono wako wayamba kupita kudimba. Zina tidzakamba ukabwera pa Khirisimasi.

Chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi foni imene azakhali ako anaimba Lachitatu usiku. Msuweni wako uja, amene tinamuperekeza ndi nthungululu atapeza ntchito ya m'labotale, wabwerera kumudzi. Manja ake sali bwino. Akuti m'mfundo za zala ndi m'mbali mwa zikhadabo muli tizilonda tozungulira, tokuya, tosapola, ndipo m'mphuno mukumatuluka magazi. Azakhali akowo dzina la mankhwala amene amuvulaza linawakanika, anangoti ndi mchere wina wake wa mtundu wa lalanje. Ine ndinangoti kakasi foni ili kukhutu, chifukwa mchere umenewo ndimaudziwa. Dzina lake ndi potassium dichromate. Zaka zonse zimene ndinkasamala labotale ya pasekondale paja, botolo lake linkakhala m'kabati yokiya, kiyi ili m'thumba mwanga.

Ndiye iwe ukukayamba ntchito yoyeza madzi, kumene mchere umenewu suchedwa kupezeka patebulo. Pofuna kudziwa kuchuluka kwa zonyansa m'madzi otayidwa, kuyeza kuja amati COD, amasakaniza dichromate ndi asidi wamphamvu wa sulphuric m'timachubu, n'kutenthetsa pa madigiri 150 kwa maola awiri. Ngakhale madzi a m'mijigo ya kuno kwathu, aja owawa mchere amene unkawakana uli wamng'ono, poyeza mchere wake ambiri amadonthezamo silver nitrate ataikamo kale potassium chromate, wachikasu. Dichromate ndi chromate ululu wawo ndi umodzi, umachokera ku chromium ya mtundu umene amaulemba kuti chromium VI.

Bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika chromium imeneyi m'gulu loyamba, la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa munthu, makamaka ya m'mapapo. Fumbi lake ukamalipuma nthawi yaitali limadya kakhoma ka pakati pa mphuno mpaka kuboola. Munthu akameza magalamu ochepa chabe, impso ndi chiwindi zimaleka kugwira ntchito, ndipo amatha kutisiya. Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi tizilonda tija. Kuipa kwake n'kwakuti nthawi zambiri poyamba sitipweteka, ndiye munthu amangoti kapola kokha, ululu uli mkati kukumba. Ndipo khungu likadana nawo mankhwalawa, ladana nawo mpaka kale. Simenti yonyowa imakhala ndi chromium yomweyi pang'ono, choncho munthu wotere ngakhale ganyu yomanga imamutupitsa manja, ena mpaka nsapato zachikopa zimawayabwa. Taganiza, mnyamata uja adya chiyani tsopano?

Ndili mwana, agogo ako aakazi ankapala dothi loyera la kudambo m'chilimwe, n'kulisefa ndi madzi mumphika woboola pansi, kenako n'kuphika madziwo mpaka mchere utatsala. Ine ndinkawasonkhezera moto. Pofuna kudziwa ngati madziwo akolera, ankaviika chala n'kulawa. Iwe unatengera agogo akowo, chilichonse cha kukhitchini umayamba walawa, ndipo ukamaganiza umaluma zikhadabo. Ndakhala ndikukuona kuyambira uli ku pulayimale, ndipo kunyumba kuno zimenezo zimandisangalatsa, chifukwa ndikakuona ndimakumbuka amayi anga. Koma mwananga, chizolowezi chimenecho ukachisiye pakhomo la labotale. Chala chisapite kukamwa, kumaso kapena pa foni usanavule magolovesi ndi kusamba ndi sopo. Pipeti usadzayamwe ndi pakamwa, ngakhale wina wamkulu atakuuza kuti iwo kale ankatero.

Mchere wa m'labotale uja ukasungunuka m'madzi umaoneka ngati Sobo wa lalanje, ndipo munthu waludzu safunsa kawiri. Usadzauthire m'botolo la chakumwa ngakhale kwa kanthawi kochepa. Botolo lililonse limene wasungunuliramo mankhwala ulilembe dzina ndi tsiku. Madzi ako akumwa, mandasi, chinangwa, zonse zikhale kunja, ndipo firiji ya mankhwala si yosungiramo nsima.

Azakhali ako akuti msuweni wakoyo ankavula magolovesi chifukwa cha thukuta. Mawu amenewo andipweteka kwambiri. Iwe wakulira kuno kumene mwezi wa October kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye thukuta la m'golovesi ku Blantyre kozizira lisakugonjetse. Uzivala magolovesi a nitrile, ukaona lang'ambika usinthe pomwepo. Ukadzicheka ndi mpeni pokonza nsomba kunyumba, bala ulimate ndi pulasitala usanavale golovesi, chifukwa ululuwo umalowera pamene khungu latseguka. Magalasi oteteza maso akhale kumaso, osati pamphumi. Jasi loyera ulimange mabatani onse, ndipo lisabwere kunyumba kudzachapidwa pamodzi ndi zovala zako. Poyeza ufawo pa sikelo, ukayezere mu kabati yokoka mpweya ija amati fume hood, fani ya m'chipinda itazimitsidwa.

Mcherewo ukatayika pansi usatenge tsache, limangoulutsa fumbi. Usathirepo utuchi kapena mapepala, chifukwa mchere umenewu umakoleza moto ukakumana ndi zinthu zoyaka. Chotsa anthu, uitane wamkulu wa labotale. Zotsala zake zili ndi chigubu chake, sizipita mu sinki. World Health Organization imati chromium m'madzi akumwa isapitirire mamiligalamu 0.05 pa lita. Ndipo uzikumbuka kuti mitsinje ya ku Blantyre monga Mudi imatsikira kuno ku Shire, kumene azibale ako amatunga ndi kuwedza.

Ngozi ikachitika, madzi ndiwo oyamba. Pakhungu kapena m'maso, utsuke ndi madzi oyenda a pampopi kwa mphindi zosachepera 15, chovala chimene chanyowa utavula. Tsiku loyamba lomwe ufunse pamene pali mpopi wotsukira maso, ukautsegule uone ngati ukutuluka madzi. Wina akameza, usamusanzitse ndipo musataye nthawi ndi mankhwala azitsamba, thamangani naye kuchipatala cha Queen Elizabeth mutatenga dzina la mankhwalawo kapena pepala lija amati Safety Data Sheet. Pepala limenelo uliwerenge usanatsegule botolo lililonse lachilendo.

Lendi uzilipira nthawi yake. Kutchalitchi usaleke. Za anyamata a m'tauni amayi ako anakuuza kale.

Pali china chimene chinayenera kuchokera kwa amayi ako, koma iwo za mankhwalazi sazidziwa, ndiye undikhululukire. Mchere umenewu ukhoza kuwononga mphamvu yobereka komanso kuvulaza mwana wosabadwa. Tsiku limene Mulungu adzakudalitse pabanja n'kukhala woyembekezera, usadzabise kuntchito poopa manyazi. Udzawauze msanga kuti akusinthire ntchito.

Ndikudziwa kuti uwerenga n'kunena kuti abambo ayambanso, zonsezi tinaphunzira ku koleji. N'zoona unaphunzira, ndipo unakhoza kuposa ine. Msuweni wakonso anaphunzira. Chimene ndikuopa ine ndi ulemu wakowo, iwe suyankha akulu, ndiye wina akadzati magolovesi atha, ingogwira choncho, udzangoti chabwino. Chonde mwananga, pamenepo pokha ukane. Ukane mwaulemu, koma ukane. Ngati kulibedi, undiuze, ndikutumizira ndalama pa Airtel Money ukagule ako. Ukaona kachilonda pachala kamene sikakupola, kapena magazi m'mphuno, usadikire malipiro a mwezi, pita kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo usatibisire poopa kutidandaulitsa. Ndakupempha, Lamulungu lino tikaweruka kutchalitchi undiimbire, undiuze ngati akupatsa magolovesi ndi magalasi, ndiponso ngati mpopi wotsukira maso uja wauona. Usangotumiza uthenga, ndikufuna ndimve mawu ako. Chonde, chonde mwananga.

Ndine bambo ako.